Kabatire ka mtima sikalanda munthu nkhafi, koma waya wake umafuna masabata 6

LICHINGA — Anthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kamene madokotala amakatcha pacemaker ndipo ambiri amangoti kabatire ka mtima, angathe kubwerera ku ntchito zawo ndi ku masewera olimbitsa thupi, ngakhale kupalasa kumene, pokhapokha atapatsa thupi nthawi yoti ligwire waya umene umachoka pa kabatireko kupita mu mtima. Awa ndi malangizo amene zipatala za mtima zimapereka kwa anthu a m'mizinda ofuna kugwiritsa ntchito makina opalasa, ndipo akukhudzanso asodzi, alimi ndi amayi a m'maboma a Lago, Mandimba ndi Mecanhelas, amene chakudya chawo chili m'mapewa.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kuno kusiyana ndi ku mizinda kaamba ka mtunda. Opaleshoni yoika kabatire siichitika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Imafuna akatswiri a mtima ndi makina ounikira m'chifuwa, monga amene ali ku Maputo, kumene kuli Hospital Central ndiponso Instituto do Coração, chipatala cha mtima chimene chinatsegulidwa mu 2001. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2,000, ndipo wa ku Metangula amayamba wayenda makilomita ena oposa 100 kuti afike ku Lichinga. Ena amabwera nako kabatireka kuchokera ku South Africa kumene anali pa ntchito. Waya ukasuntha chifukwa chakuti munthu anathamangira khasu kapena nkhafi, ulendo wonsewo umabwerezedwa, pamodzi ndi ndalama zake.

Kafukufuku wa bungwe la madokotala a mtima a mu Africa la PASCAR, amene anafalitsidwa mu 2018, anapeza kuti m'maiko ambiri a mu Africa anthu oikidwa kabatire pa chaka sakwana ndi atatu omwe pa anthu miliyoni imodzi, pamene m'maiko a ku Ulaya amakhala mazanamazana. Choncho amene wapeza mwayi umenewu wapeza chinthu chosowa, ndipo banja lonse liyenera kudziwa kasamalidwe kake.

KABATIRE NDI WAYA WAKE

Mtima uli ndi magetsi akeake amene amaulamula kugunda. Munthu wamkulu akakhala pansi, mtima wake umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Njira ya magetsiyi ikawonongeka, kaamba ka ukalamba kapena matenda, mtima umatsika mpaka maulendo 40 kapena 30. Munthu amayamba kutopa popanda chifukwa, kuchita chizungulire, kubanika akakwera kamtunda, ndipo nthawi zina amangogwa n'kukomoka.

Kabatire kamakonza vuto limeneli. Ndi kachitsulo kaphanthiphanthi, kochepera bokosi la machesi, kolemera magalamu 20 mpaka 30. Dokotala amacheka pang'ono pansi pa fupa lopingasa pakati pa khosi ndi phewa, kawirikawiri kumanzere, n'kukaika kunsi kwa khungu. Kuchokera pamenepo waya umodzi, uwiri kapena itatu imalowetsedwa mu mtsempha wa magazi mpaka kukafika m'kati mwa mtima. Kabatireko kamamvetsera mtima usana ndi usiku, ndipo mtima ukachedwa kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi imene munthu saimva n'komwe.

Munthu woyamba kuikidwa kachipangizo kotere m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, pa 8 Okutobala 1958, pa chipatala cha Karolinska ku Stockholm. Anamuchita opaleshoni ndi dokotala Åke Senning ndipo anakapanga ndi Rune Elmqvist. Koyambako kanagwira ntchito maola ochepa chabe. Larsson anali ndi zaka 43 pa nthawiyo, anasinthidwa tizipangizo 26 pa moyo wake, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86 ndi matenda ena osati a mtima, atatsogoza kale onse awiri amene anamuthandiza. Tamasiku ano timakhala zaka 7 mpaka 12 tisanasinthidwe, malinga ndi ntchito imene tikugwira.

Kabatire kenikeniko ndi kolimba ndipo sikawonongeka ndi thukuta kapena kugwedezeka kwa thupi. Chofooka ndi waya. Nsonga yake imangokoledwa pa mnofu wa mtima ndi timbedza ting'onoting'ono kapena kasikuluwu, ndipo pamatenga masabata 4 mpaka 6 kuti thupi limere mnofu wa chipsera wougwira. Zili ngati mbande ya fodya yongowokedwa kumene: mizu isanagwire, ngakhale nkhuku imatha kuizula. Waya zambiri zimene zimasuntha zimasuntha m'masabata oyambawa.

MASABATA OYAMBA

Pa nthawi imeneyi zipatala zimaletsa kukweza chigongono cha mbali ya kabatire kupitirira phewa, kutambasulira mkono kumbuyo, kukoka kapena kukankha chinthu mwamphamvu, ndi kunyamula katundu woposa makilogalamu 5. Kwa munthu wa mu mzinda izi zikutanthauza kusiya makina opalasa, kusambira ndi kunyamula zitsulo. Kumudzi mndandanda wake ndi wautali: nkhafi, khasu, nkhwangwa, munsi, mjigo, kukoka khoka kapena chilimira, kukankha bwato pa mchenga, ndi kukoka chingwe choyatsira injini ya boti. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo poisenza mikono yonse iwiri imakwera pamwamba pa mutu. Mayi woyamwitsa apatsidwe mwana ali pansi, asamunyamule yekha kumuponya kumbuyo, ndipo mfundo ya nsalu yoberekera isadutse pa bala.

Komabe mkono usamangidwe ngati wothyoka. Phewa likakhala masabata angapo osagwedezeka limauma, ndipo kuuma kumeneku kumatha kuvutitsa munthu miyezi yambiri kuposa opaleshoni yeniyeniyo. Kuyambira masiku oyamba wodwala azidya yekha, azisamba kumaso, azizunguza phewa pang'onopang'ono ndi kukweza mkono kufika pa mlingo wa phewa, osapitirira apo. Kuyenda pansi ndi kololedwa ndipo ndi kofunika. Munthu angayambe ndi mphindi 10 pabwalo pa nyumba, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku.

Bala lisanyowe mpaka anamwino atalola, ndipo kusamba m'nyanja kapena mu mtsinje kudikire bala litapola. Pa malo a kabatire pasatemedwe mphini ndipo pasapakidwe mankhwala alionse amene achipatala sanapereke, chifukwa tizilombo tikalowa pamenepo timatsata waya mpaka mu mtima, ndipo pamapeto pake kabatire ndi waya zomwe zimayenera kuchotsedwa. Wodwala apewenso chizolowezi chomaseweretsa kabatire ndi zala. Madokotala anazindikira kale mu 1968 kuti kukatembenuzatembenuza kunsi kwa khungu kumakulunga waya ngati ulusi pa kamtengo mpaka kuuzula mu mtima.

Apa ndi pamene abale amafunika. Ngati opaleshoni yagwera nthawi yolima kapena ya usipa, banja ligawane ntchitozo wodwala asanafike pakhomo, pakuti munthu woona munda wake ukumera tchire sachedwa kuiwala mawu a dokotala.

MAKINA OPALASA

Makina opalasa ndi bwato la pamtunda. Munthu amakhala pa mpando wotsetsereka pa njanji, mapazi atamangidwa pa zopondera, n'kumakoka chogwirira chomangidwa ku tcheni kapena lamba amene amazunguza gudumu. Pa makina ena gudumulo limalimbana ndi mpweya, pa ena limazungulira m'madzi, ndipo pa ena limagwiridwa ndi maginito. Makina a mpweya otchuka kwambiri ndi a Concept2, amene abale awiri, Dick ndi Peter Dreissigacker, anayamba kupanga mu 1981 ku Vermont m'dziko la America. Lero amapezeka m'nyumba zochitira masewera olimbitsa thupi m'mizinda, ndiponso m'malo ena ophunzitsa odwala mtima kuyambiranso ntchito.

Madokotala amawakonda makinawa chifukwa amagwiritsa ntchito miyendo, msana ndi mikono pamodzi popanda kugunditsa mawondo pansi monga pothamanga. Amawayang'anitsitsanso kwa munthu wa kabatire, kaamba kakuti phewa limapita kutsogolo ndi kumbuyo mosalekeza. Munthu wopalasa maulendo 20 pa mphindi kwa theka la ola amakhala atagwedeza phewa maulendo 600.

Chiopsezo chili pa malo amene waya umadutsa. Pakati pa fupa lopingasa lija ndi nthiti yoyamba pali mpata wopapatiza. Ngati waya unalowetsedwa pafupi ndi mpatawo, mafupa awiriwa amatha kumaupana nthawi iliyonse phewa likakokedwa mwamphamvu, ndipo pakapita miyezi kapena zaka chikopa cha waya chimaperepeseka kapena waya umathyoka. Madokotala ambiri masiku ano amalowetsera waya pa mtsempha wa chakunja, kufupi ndi phewa, pofuna kupewa zimenezi. N'chifukwa chake munthu amene amadya za m'nyanja ayenera kunena ntchito yake opaleshoni isanachitike, ndiponso dzanja limene amagwiritsa ntchito kwambiri, kuti dokotala asankhe bwino mbali ndi njira ya waya.

Masabata 6 akatha ndipo dokotala akayeza n'kupeza kuti waya wakhazikika, munthu angayambe makinawa motere. Ayambe ndi mphindi 5 zoyenda kapena kupalasa mopepuka kuti thupi litenthe. Kenaka apalase mphindi 5 mpaka 10 zokha, makina atawaika pofewa. Pa makina a mpweya pali kachitsulo ka manambala 1 mpaka 10, ndipo woyamba kumene asapitirire 3 kapena 4. Liwiro likhale maulendo 18 mpaka 22 pa mphindi. Pomaliza apalasenso mopepuka mphindi 5, asangoima mwadzidzidzi. Mphindi ziwonjezeredwe pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo kulimba kwa makina kuwonjezeredwe pambuyo pake.

Kapalasidwe koyenera ndi kamene kamateteza waya. Mphamvu yoposa theka imachokera m'miyendo: miyendo imakankha poyamba, msana umatsatira, ndipo mikono imangomalizitsa. Chogwirira chifike pa nthiti za m'munsi, osati pakhosi kapena pamalo a kabatire. Zigongono zidutse m'mbali mwa thupi, mapewa akhale otsika, ndipo munthu asadziponye kutsogolo mopitirira pofuna kutalikitsa mkoko. Kukoka modzidzimutsa ndi kugwira mpweya pokoka ndi zoletsedwa. Muyeso wosavuta ndi wa kulankhula: wopalasa azitha kunena chiganizo chathunthu kwa mnzake. Ngati mawu akuduka, wapitirira.

Maginito a m'makina opalasa amakhala ku gudumu, kutali ndi chifuwa, ndipo savuta malinga munthu asakagonetse chifuwa pamenepo. Lamulo la maginito onse, ndi la foni lomwe, ndi kusiya masentimita 15 kuchoka pa kabatire. Masikelo a m'nyumba za masewera amene amayeza mafuta a m'thupi podutsitsa magetsi m'mapazi kapena m'manja ndi oyenera kuwapewa.

NKHAFI SI MAKINA

Msodzi wa ku Cóbuè kapena wa pa nyanja ya Chiuta angaganize kuti zololedwa pa makina ndi zololedwanso m'bwato. Pali kusiyana kutatu. Choyamba, m'bwato mulibe mpando wotsetsereka, kotero miyendo imathandiza pang'ono ndipo ntchito yaikulu imatsalira mapewa ndi msana. Chachiwiri, dzanja logwira kumutu kwa nkhafi limakwera kufika kumaso kapena kupitirira, pamene pa makina manja amakhala m'munsi nthawi zonse. Chachitatu, makina munthu amawasiya pamene wafunira, koma mwera ukayamba bwato lili pakati, palibe amene amasankha liwiro.

Kotero msodzi abwerere ku nkhafi mochedwerapo kuposa munthu wa makina, ndipo atafunsa dokotala mwachindunji. Ayambe m'mawa madzi ali bata, m'mbali mwa gombe, mphindi zowerengeka, bwato lopanda katundu. Apalase mikoko yaifupi, atembenuze chiuno ndi msana m'malo mokoka ndi phewa lokha, asakweze dzanja lapamwamba kupitirira maso, ndipo azisinthasintha mbali. Kukoka chilimira ndi kukweza bwato pamtunda zikhale ntchito zomaliza kubwererako, ndipo ngati pali achinyamata zisiyidwe kwa iwo. Nkhafi, injini kapena mtolo wa ukonde zisasenzedwe pa phewa la mbali ya kabatire.

Choopsa chachikulu pa madzi ndi kukomoka. Chizungulire cha masekondi ochepa pamtunda chimathera pa kukhala pansi, koma m'bwato chimatha kutenga moyo ngakhale wa katswiri wosambira. Munthu wa kabatire asapalase yekha, avale chovala choyandamitsa ngati chilipo, ndipo anzake a m'bwato adziwe za kabatireko. Amene anakomokapo chiikidwireni kabatire asalowe m'madzi mpaka achipatala atapeza chifukwa chake. Pali kachipangizo kena kokulirapo kotchedwa ICD, kamene kamamenya mtima ndi magetsi amphamvu ukayamba kuthamanga moopsa. Malamulo ake pa madzi ndi pa masewera ndi okhwima kwambiri, ndipo mwini wake ayenera kudziwa kuti ali ndi kati mwa tiwiriti.

Injini ya boti, jenereta yaing'ono ndi injini ya galimoto zikamalira zikhale masentimita 30 kuchoka pa chifuwa, ndipo munthu asaweramire pa injini yoyaka pofuna kuikonza. Makina owotcherera zitsulo amafuna masentimita 60 kapena kuposa, ndipo wogwira ntchitoyo afunse dokotala asanaiyambirenso. Foni isasungidwe m'thumba la malaya la mbali ya kabatire, ndipo polankhula iikidwe ku khutu la mbali inayo. Wailesi, tochi ndi magetsi a sola a m'nyumba alibe vuto.

KABATIRE KAMAFUNA KUUZIDWA NTCHITO

Anthu ena mtima wawo sukwera liwiro pawokha akayamba ntchito, ndipo kabatire ndi kamene kamaukweza. Tambiri timadziwa kuti munthu wayamba ntchito pomva kugwedezeka kwa chifuwa, pamene tina timayezanso kupuma. Kamene kamadalira kugwedezeka kamatha kunamizika. Pa njinga yakapalasa chifuwa sichigwedezeka kwenikweni, kotero mtima umatsalira pamene miyendo ikufuna magazi ambiri, ndipo munthu amatopa msanga pokwera chitunda. Pa njinga yamoto mu msewu wa mabampu, kapena m'boti lomenya mafunde, kabatire kamatha kuthamangitsa mtima munthu atangokhala.

Kabatire kalinso ndi malire a pamwamba amene dokotala anaika. Kwa ena, ntchito ikapitirira malirewo kugunda kumatsika mwadzidzidzi ndipo mphamvu zimangothera pomwepo. Zonsezi zimakonzedwa popanda kucheka: dokotala amaika chipangizo pamwamba pa khungu n'kusintha manambala pa kompyuta. Koma sangasinthe chimene sanauzidwe. Pa tsiku lokayezetsa, limene limabwera masabata angapo opaleshoni itachitika ndipo kenaka miyezi 6 kapena 12 iliyonse, wodwala afotokoze ntchito imene imamutopetsa, nthawi imene imatenga kuti atope, ndi chimene amamva.

Aliyense woikidwa kabatire amapatsidwa khadi losonyeza mtundu wake ndi tsiku limene kanaikidwa. Khadili liziyenda ndi mwini wake, litakulungidwa mu pulasitiki ngati ali wa kunyanja, ndipo lisonyezedwe pa chipatala chilichonse, kuno kapena kutsidya kwa malire. Wodwala afunsenso nambala yotsikitsitsa imene kabatire kake kanaikidwa, imene kwa ambiri ndi 60 ndipo kwa ena 50. Kugunda kumawerengedwa poika zala ziwiri pa mkono m'munsi mwa chala chachikulu kwa mphindi yathunthu. Ndi bwino kuti munthu wina m'banjamo aphunzirenso kuwerenga.

ZIZINDIKIRO ZOSIYITSA NTCHITO

Munthu asiye makina, nkhafi kapena khasu nthawi yomweyo akamva chizungulire, kupweteka kapena kulemera m'chifuwa, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene akugwira, kapena mtima kugunda mosokonezeka. Akhale pansi ndi kuwerenga kugunda. Apite ku chipatala tsiku lomwelo ngati wakomoka, ngati kugunda kwatsika pansi pa nambala imene anauzidwa, kapena ngati zizindikiro zimene anali nazo asanaikidwe kabatire zabwerera.

Zina zofunika chipatala ndi izi: mnofu wa pachifuwa kapena wa pamwamba pa mimba kudumphadumpha motsatana ndi kugunda kwa mtima, zimene zingasonyeze kuti waya wasuntha, mkono wa mbali ya kabatire kutupa kapena kulemera, zimene zingasonyeze kuti magazi aundana mu mtsempha, ndiponso bala kufiira, kutentha, kutupa kapena kutuluka mafinya, makamaka pamodzi ndi kutentha thupi. Kutentha thupi kwa munthu wa kabatire kusangotengedwa kuti ndi malungo asanayezedwe. Anamwino a pa chipatala chaching'ono angathe kuwerenga kugunda, kuona bala ndi kulemba kalata yopita ku chipatala cha boma kapena ku Hospital Provincial ku Lichinga.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo munthu wa kabatire sachotsedwa pa chiwerengero chimenechi. Kukhala pa khonde chaka chonse chifukwa cha mantha kumafooketsa miyendo, kumakweza kuthamanga kwa magazi ndipo kumasiya banja lopanda ndiwo. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a asodzi akupemphedwa kuthandiza mabanja otere pa masabata 6 oyambawo, ndiponso pa ndalama za ulendo wokayezetsa, kuti munthu amene wabwera ndi kabatire abwerere ku gombe pa nthawi yake, ali ndi mnzake m'bwato ndi khadi lake m'thumba.